ZENERA LIRI LONSE LIRI NDI MUYESO WACE

Nkhani ya lero ndi ya zenera ndi tepi yoyesera, ndiponso ya ndarama zimene zitayika pamene ziwirizi sizinakumane bwino. Ndi nkhani ya eni nyumba ndi ocita lendi a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, ndiponso ya amuna a ku migodi amene agwira nchito kutali, koma mtima wao uli pa nyumba imene alinkumanga m'Lusaka.

Munthu akatha kumanga cipinda, nafolera malata, naika citseko, cotsala ndi kuchinga zenera. Makolo anali kupacika citenge pa cingwe ndi misomali iwiri, ndipo ambiri acita comweco kufikira lero. Palibe colakwa pamenepo. Koma masiku ano ena afuna makatani osokedwa ndi telala, ena afuna zochinga za m'sitolo zimene azicha mablaindi. Mablaindi odziwika alipo a mitundu itatu: a nsaru imodzi yokulungika pa ndodo, a timapale topingasa ta citsulo kapena ta matabwa, ndi a nsaru zazitali zoimirira monga aja a m'maofesi. Onsewa adulidwa potsata nambala imene wogula wapereka. Mpando ukakula, munthu aukankhira pa ngodya yina. Malaya akathina, apatsa mphwace. Koma blaindi lodulidwa molakwa liribe zenera lina lolilandira, ndipo wogulitsa safuna kulitenganso, popeza palibe wina wodzaligula. Madzi akatayika saoleka.

CIFUKWA CACE MAZENERA SAFANANA

Woyenda m'njira za m'komboni angaganize kuti mazenera onse ndi amodzimodzi, popeza ambiri ndi a citsulo ndipo apakidwa utoto wofanana. Koma tepi ikafika pamenepo inena zina, ndipo cifukwa cace ciri m'mbiri ya nyumbazo.

Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, koma olemba mapulani a mzinda sanasiye malo okwanira a anthu akuda amene anadza kudzaumanga ndi kugwiramo nchito. Ku Matero kanselo inamanga nyumba zazing'ono za pulani imodzi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, ndipo mazenera ace anali ang'ono ndi ofanana. Koma George, Chawama, Kanyama ndi Kalingalinga anakula mwa njira yina. Anthu anadzimangira okha ndi njerwa zosaocha, pa malo a mafamu ndi pafupi ndi maenje okumbamo miyala, popanda pulani. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964 anthu anacuruka koposa. Ku Mtendere anapatsidwa mapuloti kuyambira 1967 kuti yense amange yace. M'caka ca 1974 Boma linapanga lamulo lobvomereza makomboni ena, lopatsa wokhalamo cikalata ca zaka 30, ndipo ngongole ya World Bank inathandiza kulambula misewu ndi kuika mipopi ku George, Chawama, Chaisa ndi komboni ya Chipata. Kalingalinga anakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi cithandizo ca Ajeremani. Mantha a kugwetseredwa nyumba atacepa, anthu anayamba kugumula makoma a dothi ndi kumanga a mabuloko a simenti, cipinda cimodzi caka cino, cina ndarama zikapezeka. Ngakhale ku Matero, nyumba za kanselo zitayamba kugulitsidwa kwa okhalamo m'caka ca 1996, eni ace ambiri anaboola makoma nakuza mazenera monga anafunira.

Motero nyumba imodzi ikhoza kukhala nchito ya amisiri atatu kapena anai, yense ndi dzanja lace ndi diso lace. Mazenera a citsulo a ku fakitale ali ndi miyeso yokhazikika. Mwa citsanzo lija a ku South Africa alicha ND4 liri ndi mamilimita 1,511 copingasa ndi 1,245 coimirira. Koma mafelemu ambiri a m'komboni sacokera ku fakitale. Acokera kwa anyamata oocherera zitsulo, monga aja oyala nchito yao m'mbali mwa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga, ndipo iwo adula citsulo monga wogula wanenera, kapena monga ndarama zace zalolera. Felemu ikaikidwa, mmisiri apaka pulasitala ndi dzanja, pena pokhuthala, pena popyapyala. Kwina, monga ku Kanyama kumene madzi a mvula aima pa thanthwe masiku ambiri, makoma ena ang'aluka kapena kupendekeka pang'ono m'kupita kwa zaka. Cotero mazenera awiri a khoma limodzi, ooneka ngati mapasa, akhoza kusiyana ndi cala cathunthu. Woyesa limodzi nati linalo n'cimodzimodzi wayamba kale kutaya ndarama.

CIDA COYESERA NDI CINENERO CA MANAMBALA

Cida coyenera ndi tepi ya citsulo, ija ya amisiri omanga. Tepi ya nsaru ya atelala ndi yabwino poyesa m'ciuno mwa munthu, koma pa zenera igwa pakati ndipo ikakalamba itanuka. Cingwe naco citanuka. Cikafika ku sitolo m'thumba la malaya sicinenanso zimene cinaona pa khoma. Zikhato ndi mikono ndiye zisachulidwe n'komwe, popeza dzanja la wogula si dzanja la wodula. Kacitsulo kokhota ka kunsonga kwa tepi kamagwedera pang'ono, ndipo ena akakhomera ndi nyundo poganiza kuti kaonongeka. Kumeneko ndi kulakwa. Opanga anakasiya dala kotero, kuti kagwedere molingana ndi kukhuthala kwace, ndipo muyeso ukhale woona pokoka ndi pokankha pomwe.

Tepi zambiri ziri ndi manambala mbali ziwiri, mainchi pamwamba, masentimita ndi mamilimita pansi. Zambia analowa m'miyeso ya mita kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, koma pakamwa pa amisiri mainchi sanacoke: buloko licedwabe la sikisi inchi, ndipo nsaru igulidwa pa mayadi ndi pa mamita pomwe. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Tsono munthu akalemba 48 pa pepala osanena kuti ndi ciani, wina awerenga mainchi 48, ndiwo mamilimita 1,219, wina awerenga masentimita 48, ndiwo mamilimita 480 okha. Msampha wina ndi wa mafiti. Wolemba 4.6 potanthauza mafiti anai ndi mainchi asanu ndi imodzi afuna mamilimita 1,372. Koma wowerenga ndi makina owerengetsera apeza 1,402. Kusiyana kwace ndi mamilimita 30, ndipo amenewo akwanira kuti blaindi likane kulowa. Njira yopulumukira ndi imodzi: kuyesa m'mamilimita okha, ndi kulemba zilembo mm pambuyo pa nambala iri yonse.

Cinyanja comwe cikhoza kusokeretsa munthu pa nkhani iyi. Anthu anena za m'litali ndi m'lifupi, ndipo m'litali ndiyo mbali yaitali. Koma mazenera ambiri a masiku ano ndi otambalala koposa msinkhu wao, kotero kuti mbali yaitali ndiyo yopingasa. Wina ponena m'litali aganiza za kucokera kumwamba kufika pansi, mnzace aganiza za kucokera kumanzere kufika kumanja. Nkwabwino kusiya mau awiriwo ndi kunena copingasa ndi coimirira. Mwambo wa opanga mablaindi ndi kulemba copingasa poyamba, coimirira pambuyo. Wotembenuza manambalawa alandira blaindi la zenera limene kulibe.

M'KATI MWA BOWO KAPENA KUNJA KWACE

Tepi isanatambasulidwe, mwini nyumba ayambe wasankha pamene blaindi lidzakhala. Likhoza kukhala m'kati mwa bowo la zenera, pakati pa makoma awiri, kapena pa khoma kunja kwa bowolo, nkuphimba bowo lonse. Miyeso ya njira ziwirizi ndi yosiyana kotheratu.

Cosankhitsa cacikuru ndi kuya kwa bowo. Buloko la sikisi inchi ndi lokhuthala mamilimita 150, la folo inchi mamilimita 100. Felemu ikaikidwa pakati pa khoma, malo otsala m'kati ndi ang'ono. Pa malo omwewo pali cogwirira cotsegulira zenera, pali kacitsulo koimikira zenera likatseguka, ndipo m'nyumba zambiri pali zitsulo zochinga akuba zoocherera pa felemu. Tsono kuya sikuyesedwa kucokera pa galasi iai, koma kucokera pa cinthu cimene caturuka koposa zonse kufika pa mlomo wa khoma. Mablaindi ambiri afuna malo a mamilimita 60 kapena 70, ena oposa pamenepo, ndipo wogulitsa ndiye anene malo amene mtundu wace ufuna. Ngati malowo palibe, blaindi lidzagunda cogwirira tsiku ndi tsiku mpaka timapale tipindike kapena nsaru ibooke. Pamenepo nzeru ndi kuliika kunja kwa bowo.

KUYESA M'KATI

Wofuna blaindi la m'kati ayese copingasa katatu: pamwamba, pakati ndi pansi, kucokera pa pulasitala kufika pa pulasitala, osati pa felemu kapena pa galasi. Tepi ikhale yoongoka, ndipo zenera likakhala lalikuru pakhale munthu waciwiri wogwira nsonga. Mwa citsanzo, pamwamba papezeka mamilimita 1,208, pakati 1,201, pansi 1,194. Nambala yolemba ndi yaing'ono koposa, 1,194, popeza blaindi liyenera kutsika kufikira pansi osakodwa. Wotenga ya pamwamba yokha adzaona blaindi lace liri kutsika bwino mpaka pakati, nkuima pamenepo. Ngati m'munsi mwa bowo muli matailosi, monga m'khichini ndi m'bafa, ayesenso pamenepo, cifukwa matailosi acepetsa bowo mbali zonse ziwiri.

Coimirira naco ciyesedwe katatu, kumanzere, pakati ndi kumanja, ndipo atengenso nambala yaing'ono. Cimeneci n'cofunika makamaka pa mablaindi a nsaru zoimirira, popeza akatalika akwekwereza pansi nakana kutembenuka. Lokulungika silibvuta kwambiri, cifukwa nsaru yotsala ingokhala pa ndodo.

Muyeso wacitatu ambiri auiwala. Ayese kucokera pa ngodya ya pamwamba kumanzere kufika pa ngodya ya pansi kumanja, ndiponso kucokera pa ya pamwamba kumanja kufika pa ya pansi kumanzere. Bowo loongoka lipatsa manambala awiri ofanana. Akasiyana kupitirira mamilimita khumi, bowolo ndi lopendekeka. Blaindi lilendewera moongoka nthawi zonse, pakuti litsata kulemera kwace, osati khoma. Motero m'bowo lopendekeka lidzakhuza khoma mbali yina ndi kusiya mpata mbali yina. Wopanda levulo amange kamwala ku cingwe, acilendeweretse pa ngodya ya pamwamba, ndipo cingweco cidzaulula bodza la khoma.

Tsopano pali funso limene labala milandu yambiri: ndani acotseko? Blaindi la m'kati liyenera kucepa pang'ono kuposa bowo, kawirikawiri ndi mamilimita ngati khumi, kuti liyende bwino. Opanga ambiri acotsa okha akauzidwa kuti nambala ndi ya bowo. Koma wogula wocenjera, pomva kuti pafunika mpata, acotsako yekha kunyumba osanena, ndipo wopanga acotsakonso kaciwiri. Mwina yense aganiza kuti mnzace ndiye acotsa, ndipo palibe wocotsa. Mankhwala ace ndi mau ocepa onenedwa pa kauntala: "Pepani Abambo, nambala iyi ndi ya bowo monga liri, sindinacotseko kanthu. Kodi mucotsako ndinu?" Ndipo wopanga akayankha kuti, "Inde Amai, ticotsako khumi," mau amenewo alembedwe pa lisiti. Palibe manyazi pofunsa cotero. Mbewa ya manyazi inafera ku una.

Wogula blaindi lokulungika adziwenso ici: nsaru yace ndi yocepa kuposa ndodo pamodzi ndi zogwirira zace, ndi mamilimita ngati 30. Cotero m'mbali zonse ziwiri mutsala mpata, ndipo pa bowo lotambalala pamwamba mpatawo ukula. Ku mayadi, kumene nyumba iri m'kati mwa mpanda, mpata wotere suli kanthu. Koma m'komboni njira ya anthu ipita m'tsinde mwa zenera, ndipo usiku nyali ikayaka m'cipinda, mpata wa zala ziwiri uonetsa wopita panja kama, wailesi ya kanema ndi zonse za m'nyumba. Si onse opita usiku amene ali ndi mtima wabwino.

KUYESA KUNJA

Pa zifukwa zimenezi, nyumba zambiri za m'komboni ziyenerana ndi blaindi la kunja kwa bowo. Limeneli libisa kupendekeka kwa khoma, lipewa zogwirira ndi zitsulo, ndipo lichinga maso a anthu. Poyesa, munthu atenge nambala yaikuru ya bowo, osati yaing'ono, naonjezere mamilimita 75 kapena 100 mbali iri yonse. Pa zenera lija la 1,208, kuonjeza 100 uku ndi 100 uko kupatsa 1,408. Ngati coimirira cacikuru ndi 1,252, kuonjeza 100 pamwamba ndi 100 pansi kupatsa 1,452. Manambala awa ndi a blaindi lenileni, ndipo wopanga auzidwe momveka kuti asacotsepo kanthu. Ngati ndi lokulungika, anene ngati nambalayo ndi ya nsaru kapena ya ndodo.

Asanalembe, ayang'ane khoma lozungulira zenera. Kodi pali swichi ya magetsi pafupi? Kodi citseko cikatseguka cifika pamenepo? Kodi kabati ya zobvala siidzatsekereza? Ndipo pamwamba pa zenera pali ciani cogwira zomangira? Mtanda wa simenti ndi wolimba, ufuna makina oboolera. Buloko lobooka m'kati lifuna mapulagi oyenera. Khoma la njerwa zosaocha siligwira kanthu kolemera, ndipo pamenepo ayambe aika thabwa lolimba lomangirapo. M'nyumba zina malata ali pafupi ndi zenera kotero kuti malo a mamilimita 100 palibe. Zimenezo zidziwike tepi iri m'manja, osati blaindi litafika.

Wocita lendi apemphe mwini nyumba asanaboole khoma. Kwa iye blaindi la kunja liri ndi ubwino wina: tsiku losamuka likhoza kukwanira pa zenera lina locepa pang'ono, pamene la m'kati litsalira m'nyumba ya eni.

KWA TELALA

Ambiri adzasankha makatani, popeza mtengo wace upepuka ndipo nsaru ipezeka m'masitolo a ku Kamwala ndi ku City Market. Pamenepa coyesa si zenera iai, koma ndodo kapena njanji yopacikapo, ndipo nkwabwino kuti iyambe yakhomedwa. Ndodo ipitirire zenera ndi mamilimita ngati 150 mbali iri yonse, kuti makatani akakokedwa masana kuunika kulowe konse. Nsaru ikhale yowirikiza kawiri utali wa ndodo, apo ai katani idzaoneka ngati cinsaru coyanika.

Masamu ace ndi awa. Pa zenera lija, ndodo ikhala ya mamilimita 1,500, ndipo nsaru yofunika copingasa ndi 3,000. Citenge cambiri ndi cotambalala pafupifupi mainchi 45, ndiwo mamilimita ngati 1,140. Zidutswa ziwiri sizikwanira, zifunika zitatu. Kucokera pa ndodo kufika pansi pa zenera pang'ono ndi 1,550, ndipo telala afuna 250 ena a kupinda pamwamba ndi pansi. Cidutswa ciri conse cikhala 1,800, zitatu pamodzi 5,400. Citenge cathunthu ca mayadi asanu ndi limodzi ndi mamilimita 5,486. Cakwanira, koma cotsala ndi mamilimita 86 okha. Nsaru ya thonje ifupika ikacapidwa koyamba. Cotero aicape isanadulidwe, ndipo ngati maluwa ace ayenera kukumana pa msoko, agule yoonjezera. M'nyumba zimene madzi alowa nthawi ya dzinja, katani ilekezere pa zenera, isafike pansi.

NAMBALA YOYENDA ULENDO WAUTALI

Mwamuna wa ku mgodi adziwa kale za muyeso. Mtengo wocirikiza mwala ukadulidwa waufupi sucirikiza kanthu, ndipo palibe kapitao amene angabvomereze mau akuti unangotsala pang'ono. Koma munthu yemweyo, ali ku Kitwe, Chingola, Mufulira kapena Solwezi, akhoza kutumiza ndarama pa lamya kuti zenera la ku Chawama lichingidwe, napereka nambala imene anaisunga m'mutu kuyambira tsiku logula felemu. Felemu ija inapakidwa pulasitala iye atacoka. Mwinanso auza mlamu wace, mlamu atuma mwana wa sukulu kuti ayese ndi rula, mwana auza amai ace, amai auza wa ku sitolo. Nambala yapita pakamwa panai, ndipo blaindi likakana kulowa, mlandu ugwera wosalakwa, abale nkuyamba kuganizirana za ndarama.

Wokhala kutali asankhe munthu mmodzi wamkuru woyesa. Ameneyo ajambule zenera liri lonse pa pepala, alembe dzina la cipinda cace, aike manambala onse pa malo ace, ndipo atumize cithunzi ca pepalalo pa WhatsApp pamodzi ndi cithunzi ca zenera coonetsa zogwirira ndi zitsulo. Nambala yolembedwa siisintha pa njira. Asayese pulasitala asanathe, kapena matailosi asanaikidwe. Koposa zonse, ngati wopanga alola kudza kudzayesa yekha, aitanidwe, ngakhale afune ndarama ya minibasi. Ndarama imeneyo igula cinthu cacikuru: muyeso ukhala wace, ndipo akalakwa akonza ndi iye.

Lamulo la Competition and Consumer Protection la 2010 liteteza wogula amene wapatsidwa katundu woonongeka kapena wosiyana ndi amene anapangana, ndipo bungwe la CCPC limva madandaulo otere. Koma wodandaula afunika umboni. Ngati lisiti linena 1,194 ndipo blaindi labwera la 1,250, mlandu ndi woonekeratu. Ngati wopanga wadula ndendende nambala imene anapatsidwa, wogula alibe ponena. Ndipo ngati palibe colembedwa, atsala awiri olozana zala. Cotero pa lisiti pakhale copingasa, coimirira, mau akuti m'kati kapena kunja, dzina la woyesa, mbali ya cingwe cokokera, mtundu wa nsaru, ndarama zolipidwa ndi tsiku lolandira.

DZUWA, PFUMBI, ANA NDI MOTO

Tepi iri m'manja, pali zina zoyenera kuziona. Lusaka ali kumwera kwa equator, ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July dzuwa lipendekera kumpoto. Zenera la kumpoto ndilo lifunditsa nyumba, ndipo lifuna cochinga cotseguka konse. Zenera la kumadzulo lilandira dzuwa la masana la mu October, lifuna nsaru yokhuthala yophimba bowo lonse. Mphepo ya August ndi September idza ndi pfumbi, ndipo timapale topingasa tiligwira koposa nsaru yokulungika. Wa m'mbali mwa msewu wa dothi aganizire za amene adzapukuta.

Cingwe cokokera naco ciri ndi muyeso. M'maiko ena ana ang'ono afa pokoledwa m'khosi ndi zingwe za mablaindi, ndipo ku Ulaya malamulo ace anakhwimitsidwa m'caka ca 2014. Cingwe cilekezere mita imodzi ndi theka kucokera pansi, cimangidwe ku khoma, ndipo kama wa mwana asakhale m'tsinde mwace. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku, ndipo mabanja anabwerera ku makandulo. Kandulo isaikidwe pa zenera pansi pa nsaru. Cochinga ciri conse cisiyenso njira ya dzanja lofikira cogwirira, kuti zenera litseguke msanga, pakuti mbaula yoyaka m'cipinda cotseka ipha anthu ali m'tulo.

Nchito yonse ya kuyesa zenera limodzi siitha mphindi khumi. Tepi ya citsulo ikhoza kubwerekedwa kwa mmisiri wa pafupi, pensulo iri m'cikwama ca mwana. Woyesa akatha, apinde tepi, ayambenso kaciwiri monga ngati sanayesepo, ndipo manambala akagwirizana ndipo apite ku sitolo. Amene anadikira zaka zambiri kuti aunjike mabuloko ndi malata akhoza kudikiranso mphindi zimenezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.